Mwana watiitana ku Le Procope, koma bambo ake salawa mowa: tikaitanitse chiyani?

Nabanda_Mufakose
Moni nonse. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Paris watitumizira matikiti, visa nayo yatuluka. Akuti pa tsiku lobadwa la bambo ake tikadyere ku Le Procope, lesitilanti yomwe inatsegulidwa mu 1686. Wanditumizira menyu pa WhatsApp, ine mutu waima. Bambo akunyumba ndi mkulu wa mpingo ku CCAP, mowa salawa ngakhale dontho, pomwe nkhuku imene mwanayo akuitama, coq au vin, akuti amaphikira vinyo. Nyama yofiira m'kati nayonso sadya, amati sinapse. Odziwa za zakudya za Afalansa, tithandizeni tisakamuchititse manyazi mwana.

Khukhi_wa_Highfield
Mayi Nabanda, ine ndakalambira m'khitchini za mahotela muno mu Harare, coq au vin ndaiphika mpaka kutopa nayo. Vinyo wake si wongodontheza ayi. Timakazinga kaye tizidutswa ta nyama ya nkhumba yamchere, m'mafuta omwewo n'kukazingamo nkhuku mpaka ifiire, kenako timathira vinyo wofiira mpaka nyama imire. Anyezi ang'onoang'ono ndi bowa zimalowa pambuyo. Mphika umakhala pa moto wochepa nthawi yaitali, msuzi n'kuda bii, wonata pa supuni. Ukali wambiri wa mowa umachoka ndi nthunzi, munthu saledzera nayo. Koma amene angakuuzeni kuti umatheratu wonse akukunamizani, kotsalira kamakhalapo. Tsono ngati kwa abambo ndi nkhani ya chikumbumtima, musawabisire. Boeuf bourguignon ndi chimodzimodzi, kungoti ndi ya ng'ombe.

Zikakhalapo pa menyu, atengereni confit de canard, ntchafu ya bakha yophikidwa pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe. Imapsa mpaka kusiyana yokha ndi fupa. Kapena sole meunière, nsomba yogubuduza mu ufa wa tirigu, kukazinga mu batala n'kufinyira mandimu. Akafuna nyama ya ng'ombe yowotcha, mwana auze woperekera zakudya kuti bien cuit, kutanthauza yopsa bwino, apo ayi idzabwera ikuchucha. Chimene musayerekeze n'komwe ndi steak tartare: nyama yaiwisi yogayagaya, pamwamba pake yolk ya dzira laliwisinso. Abambo angadzuke pa tebulo.

Chisomo_Avondale
Amayi, ine ndinadyako kumeneko. Malowo ali mu msewu wotchedwa rue de l'Ancienne Comédie, ndipo anawayambitsa ndi munthu wa ku Sicily, Francesco Procopio. Voltaire, wolemba mabuku wotchuka wa ku France, ankamwera khofi momwemo. Chipewa chomwe amati n'cha Napoleon chili m'galasi, abambo akajambulitse pomwepo kuti a ku Mufakose akaone. Makoma ofiira, nyali zolendewera, koma musaope, alendo ochokera kunja ndi amene amadzaza, ndipo ogwira ntchito Chingerezi amamva.

Buledi salipiritsa, madzi apampopi a m'jagi nawonso ndi aulere mukapempha carafe d'eau. Mukangoti madzi basi, angakubweretsereni a m'botolo, olipira. Ndalama ya woperekera zakudya imakhala ili kale mu bilu. Chinanso, safulumira: chakudya choyamba, chachikulu, kenako chotsekemera, maola awiri amatha muli pomwepo. Ndipo bilu sabweretsa musanaitanitse.

Tsiku lina akapite nanu ku Bouillon Chartier, lesitilanti ina ya ku Paris komweko, ya mu 1896. N'kotchipa kwambiri, mumakhala tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo zomwe mwaitanitsa amalemba pa pepala loyala patebulopo. Kunena zoona ine ndinasangalala kwambiri kumeneko kuposa ku Procope.

Phiri_wa_Dzivarasekwa
Nonsenu mwadumpha nkhono bwanji? Escargots, amayi! Ife odya mbewa ndi ngumbi tingaope nkhono zothira batala ndi adyo? Komanso ku Procope amatchuka ndi tête de veau, mutu wa mwana wa ng'ombe. Madala aliyense wa kuno mutu wa ng'ombe amaudziwa bwino.

Khukhi_wa_Highfield
A Phiri, mutuwo afunse kaye, ophika ena amathira vinyo woyera m'msuzi wake. Supu ya anyezi nayonso chimodzimodzi.

Nabanda_Mufakose
Zikomo nonse. Ndawawerengera abambo, asankha bakha. Za nkhono akuti a Phiri akadye okha. Coq au vin ndiitanitsa ine, si ine mkulu wa mpingo.