Zija ndinafunsa za koonetsa zojambula mu Blantyre

Abale ndabweranso, paja ndinafunsa kuti munthu wojambula ndi penti ngati ine angakaonetse kuti ntchito zake mtauni muno. Amene munanditchulira La Caverna ku Mandala House zikomo kwambiri, ndinapitako Loweruka, nyumba ija ndi ya 1882 koma yalimbabe mpaka pano, ndinangoti kakasi kuona zithunzi za anzathu zili mmafelemu zooneka bwino pomwe zanga ndimangozipinda mchikwama ngati zitenje. Ku Jacaranda Cultural Centre sindinafikeko, ya minibasi inandithera. Koma vuto lenileni ndi penti, uja wojambulira wotchedwa akiliki (acrylic) wadula zedi moti pano ndikusakaniza ndi penti wa nyumba, musandiseke. Alipo akudziwa kalipentala wokhoma mafelemu motchipa cha ku Ndirande?