"Mutu ukakula sulewa nkhonya": kodi ndi mwambi wa ndewu?

Nangozo: Abale ndithandizeni. Alamu anga amaphunzitsa mbiri kusekondale, ndiye amatisimbira za Amereka atangoyamba kudzilamulira. Zombo zawo zamalonda zinkagwidwa ndi achifwamba a ku Algiers ndi Tripoli, kumpoto kwa Africa, amalinyero n'kukhala akapolo mpaka dipo liperekedwe. Mu 1801 wolamulira Tripoli, Yusuf Karamanli, anafuna kuti Amereka amupatse madola 225,000 kuti zombo zawo zisamagwidwe. Pulezidenti Jefferson anakana, n'kutumiza zombo zankhondo. Alamuwo akuti apa ndiye "mutu ukakula sulewa nkhonya." Amalume anawadula pakamwa, akuti mwambiwu sapita nawo kunkhondo. Akulondola ndani?

WakuJoni: Alamu anuwo. Mutu ukakula suthawa, umaima n'kubwezera. Nkhani yatha.

Nachisale: Agogo anga ku Ntchisi ankawanenera amalume aakulu, eni mbumba, akayamba kudandaula kuti zonse zimagwera iwo. Maliro ndi iwo, ukwati ukagwedezeka ndi iwo, mbuzi ya mlongo wawo ikadya chimanga cha eni, opita kubwalo ndi iwo. Agogo ankangoti, "Khalani pansi inu, mutu ukakula sulewa nkhonya." Zobwezera sindinazimvepo.

WakuJoni: Achemwali, nkhonya ndi nkhonya. Wamkulu angamangomenyedwa manja ali kumbuyo?

Mphwanga: Ine agogo ankaunena moseka, kuti mutu waukulu ngosavuta kuupeza. Ndipo zikugwirizana. Amereka ali pansi pa Britain zombo zawo zinali ndi wozitchinjiriza. Atangodziimira, mu 1785 a ku Algiers anagwira ziwiri, Maria ndi Dauphin, ndipo ena mwa anthuwo anakhala muukapolo zaka zoposa 10. Ufulu unabwera ndi nkhonya zake.

Nachisale: Komanso a WakuJoni, obwezera anuwo analipira ndithu. Pangano la mu 1795 ndi Algiers linadya madola oposa 600,000. Nkhondo ya Tripoli ili mkati, mu 1803 chombo chawo Philadelphia chinatitimira pamiyala, anthu pafupifupi 300 n'kugwidwa. Pomaliza mu 1805 anapereka madola 60,000 kuti awaombole. Ndi zija za mwini mbumba, amang'ung'udza koma mbuzi amapereka.

WakuJoni: Mwasiya dala zoti mu 1804 msilikali wapamadzi wa Amereka, Stephen Decatur, analowa padoko la Tripoli usiku n'kuchitentha chombocho kuti adani asachigwiritse ntchito. Mu 1815 yemweyo anapita ku Algiers, msonkho umene Amereka ankapereka kumeneko n'kuthera pomwepo. Kumeneko n'kulewa?

Nangozo: Amalume akuti ndikuuzeni kuti kusalewa n'kwina, kuponya n'kwina.

Abambo a Tadala: Inu mukulimbana ndi tanthauzo, ana anga ngakhale "kulewa" sakudziwa. Iwo ndi "kudoja." Dipo amalimvera kutchalitchi kokha, mukawafunsa amayesa dzina la munthu.

Mphwanga: Nanga angadziwire kuti, makolo ake mukuwalankhula Chingerezi pa nsima?

Abambo a Tadala: Kwathu ayi. Vuto ndi mafoniwa, mawu onse ngodula mchira. Moni weniweni anasowa, angoti "bho" n'kudutsa.

WakuJoni: Ndiye muwauze kuti wamkulu amabwezera. Ine kwathu ku Mulanje tinkaumva choncho, ndipo sindisintha.

Nachisale: Ku Mulanje kwake kuti, achimwene? Ndili ndi apongozi kumeneko, ndiwaimbira madzulo ano.