X-Trail ikutha batire ikangogona masiku atatu: ndikuphonya pati?

Wamagetsi wa ku Biwi
Akuluakulu, mutu wanga waima, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi X-Trail T31 ya 2010, injini ya MR20, yolowera pa Songwe. Eni ake ndi mayi ena a ku Area 47. Mwezi watha anabwera kuti tichotse wailesi ya ku Japan ija, poti imathera pa 90 MHz ndiye mawailesi ambiri a kuno siiwagwira. Tinaikamo ya Android, kamera ya kumbuyo, ndi nyali yaitali ya LED kutsogolo chifukwa amapita ku Mitundu usiku. Tracker, kachipangizo koonetsa pa foni pamene galimoto ili, inalimo kale. Ntchitoyo anagwira mnyamata wanga, ine ndili ku maliro ku Dowa.

Chiyambire tsiku limenelo, galimoto ikagona masiku atatu imangoti ke-ke-ke osalira. Mayiwo anagula batire latsopano osandifunsa, nalonso lagona kawiri. Alternator, yomwe imachaja batire, ndayeza, ikupereka 14.1V injini ikulira. Dzulo andiuza mawu oti sindingawabwereze pano.

Makaniko wa ku Kawale
Batire latsopanolo ndi lenileni? Ena akumangotsuka lakale n'kumata pepala, amwene.

Madala a ku Kanengo
Mphwanga, lisiye batirelo, lilibe mlandu. Mabatire awiri sangadwale nthenda imodzi mwezi umodzi. Muli chinthu chikudya moto galimoto ili chigonere, ndipo uchipeza ndi mita yoyezera magetsi, osati ndi maso. Ika mita pa 10A, waya wofiira wa mitayo uusunthire pa bowo la 10A. Masula mutu wa negative, mita ikhale pakati pa mutuwo ndi batire. Kiyi akhale m'thumba mwako. Usayerekeze kuliza injini mita ili pamenepo, uiwotcha. Galimoto yabwinobwino ikagona siyenera kupyola 0.05A. Utiuze zimene ukuona.

Wamagetsi wa ku Biwi
Madala, ikuwerenga 1.8A. Kodi si shoti imeneyi?

Achemwali a ku Area 25
Achimwene, chitseko mwatseka? Ndikufunsa chifukwa inenso zinandichitikirapo, ndinatha theka la tsiku ndikusaka shoti pomwe nyali ya m'denga ikuyaka pamutu panga. Ngati mukufuna chitseko chikhale chotsegula kuti mufikire mafyuzi, kankhani kachitsulo kokola ka loko ndi sikuludiraiva, ndipo kabatani ka pamphuthu kaja mukapanikize kuti galimoto iganize kuti mwatseka. Mukatero dikirani mphindi 20 kapena 30 makompyuta ake agone. Mukangogwira chitseko, adzukanso, muyambiranso kuwerenga.

Wamagetsi wa ku Biwi
Mwandigwira, achemwali. Chitseko cha dalaivala chinali pululu. Ndachita monga mwanenera, ndapita kukadya chiwaya, ndabwerako. Yaima pa 0.41A, siikutsikanso.

Achemwali a ku Area 25
Ndiye wakubayo ndi ameneyo. Tawerengani: 0.41A kwa maola 24 ndi pafupifupi 10Ah tsiku limodzi. Masiku atatu ndi 30Ah, theka la batire la 60Ah. Ndipo musaganize kuti limayamba lili lodzadza. Kuchoka ku Area 47 kufika ku City Centre ndi ulendo wamfupi, alternator sipeza nthawi yobweza zimene zadyedwa usiku. Kuonjezera apo mafuta akasowa anthu amaimika galimoto masiku angapo, kapena kugona nayo pamzere wailesi ikuimba. Matenda obisika ngati amenewa amaonekera nthawi yoteroyo.

Makaniko wa ku Kawale
Ndiye ndabweza mawu anga a batire aja.

Madala a ku Kanengo
Tsopano zula mafyuzi limodzilimodzi, diso lili pa mita. Yamba ndi bokosi la m'kati, kenako la ku injini. Ukazula lina, usalibwezere msanga, chifukwa kubwezerako kumadzutsa makompyuta. Jambula bokosilo ndi foni usanayambe kuti usasokoneze malo ake. Ndipo chonde, mapulagi achikasu ukawaona pansi pa dashibodi kapena pansi pa mipando, amenewo ndi a airbag. Nyali yoyesera moto ija usaifikitse kumeneko.

Wamagetsi wa ku Biwi
Zayamba kuoneka. Nditazula fyuzi la wailesi yatsika kuchoka pa 0.41 kufika pa 0.12. Ndatulutsa wailesiyo, ndipo zimene ndapeza kuseriku zandichititsa manyazi. Waya wofiira ndi wachikasu wa wailesi apotedwa pamodzi ngati chingwe cha mbuzi, akulungidwa ndi tepi yomata kale ndi kutentha, onse alumikizidwa ku moto wosazima. Waya wa ACC wa galimoto, uja umakhala ndi moto pokhapokha kiyi akatsegulidwa, wangopindidwa pambali, sukugwira ntchito. Pamfundo yomweyo patuluka waya wa kamera, ndi kawaya kena kopyapyala koti sindikukadziwa. Ndabwezera fyuzi, ndadikira pang'ono, ndakagwira kamera kumbuyo: ikufunda ngati dzira longoikira kumene, galimoto ili yozima.

Mnyamata ndamufunsa. Akuti poyamba wailesi inkaiwala nthawi ndi masiteshoni akazimitsa kiyi, ndiye atawaphatikiza mawayawo vutolo linatha. Amayembekeza kuti ndimuyamikira.

Madala a ku Kanengo
Usamukalipire kwambiri, mufotokozere. Inkaiwala chifukwa poyambapo anawasemphanitsa. Wachikasu umafuna moto wa nthawi zonse, ndiwo umasunga zimene wailesi yakumbukira, ndipo pa ntchito imeneyo umadya pang'ono zedi. Wofiira ndi wa ACC, ndiwo umauza wailesi kuti dzuka kapena gona. Ukawaphatikiza, wailesi ya Android ija sigona. Ukadina batani galasi limada, koma m'katimo ikugwirabe ntchito ngati foni imene ili m'thumba. Kamera itengere moto ku waya wa nyali ya rivesi, kuti iziyaka pokhapokha giya ili pa R.

Koma 0.12 idakali yambiri. Pali wina wabisala.

Wamagetsi wa ku Biwi
Mafyuzi ena onse ndazula, siikusuntha.

Achemwali a ku Area 25
Ngati fyuzi lililonse silikusintha kanthu, ndiye kuti chinthucho sichikudutsa m'bokosi. Yang'anani pa mutu wa positive, muona waya wachilendo. Ndikukayikira nyali ya LED ija. Ndipo kawaya kopyapyala mukunenako kangakhale ka tracker, kamene kamaiuza ngati kiyi watsegulidwa. Afunseni mayiwo kuti pa foni yawo tracker ikumaonetsa chiyani usiku.

Wamagetsi wa ku Biwi
Achemwali, mukuona ngati muli pano. Mayiwo akuti mwezi wonse foni yakhala ikuonetsa kuti galimoto ndi yoyaka, mpaka anakangana ndi mlonda, ati amaimvetsera wailesi usiku. Kawayako kanali pa ACC ya wailesi yakale, mnyamata anakasamutsira pamfundo yake ija. Nditazula fyuzi sindinaipatse tracker nthawi yoti igone, n'chifukwa chake mita inaima pa 0.12.

Za nyali ndiye zoopsa. Yalembedwa 120W, koma waya wake ndi wonga wa sipika, wachoka pa batire mwachindunji, wopanda fyuzi, wopanda relay. Wadutsa pabowo la chitsulo lopanda labala, ndipo khungu lake layamba kale kuperepeseka. Switch yake ili ndi kanyali ka buluu koyaka usana ndi usiku.

Makaniko wa ku Kawale
Eee, pamenepo thokozani kuti batire ndi limene limafa. 120W pa 12V ndi 10A, waya wa sipika sungasenze. Ukanakhudza chitsulo paja galimoto ikanapsa pa M1, bwenzi pano tikukamba za apolisi.

Madala a ku Kanengo
Chotsa zonsezo uyambirenso. Ika relay ya miyendo inayi, switch yamagetsi imene imasenza moto waukulu wa nyali. Miyendoyo ili ndi manambala: 30 ichokere ku batire, fyuzi la 15A likhale pafupi ndi batirelo, osati kutali ku nyali. 87 ipite ku nyali. 85 ku bodi, pamalo opala bwino penti. 86 ichokere ku switch, ndipo switch itengere moto ku waya wa nyali zazikulu, kuti LED izizima yokha akatsitsa nyali pokumana ndi anzawo. Tonse tathobwapo m'maso ndi zinyali zimenezi pa msewu wa ku Bunda. Waya wa 2.5mm, labala pabowo, ndipo mfundo uziwotcherera, osapota ndi mano. Bokosi la tracker lokha usalitsegule, a kampani ya tracker angakukanire mlandu. Ingobwezera kawaya kaja pa ACC.

Wamagetsi wa ku Biwi
Ndamaliza, mnyamata ndi amene wawotcherera ine nditaima pambali. Patatha mphindi 30 mita ikuwerenga 0.03A. Wailesi ikukumbukira masiteshoni, kamera ikuyaka pa R pokha, foni ya mayi ija ikuonetsa galimoto yozima. Batire lagona pa chaja usiku wonse, ndalisiya lipume, likuwerenga 12.6V. Relay, fyuzi ndi waya ndalipira ndekha. Chatsala chimodzi: galasi la dalaivala lasiya kukwera lokha ukadina kamodzi.

Achemwali a ku Area 25
Limatero ukamasula batire. Tsegulani kiyi, tsitsani galasi, likwezeni mpaka pamwamba, ndipo batani muligwirebe masekondi angapo litatseka kale. Nanga batire lakale lija lili kuti? Ndikhulupirira linalibe vuto.

Wamagetsi wa ku Biwi
Galasi latheka. Batire lakale anasiyira amene anawagulitsa latsopano, anawachotserako pang'ono pamtengo. Nkhani imeneyo sindiiyambitsa ine. Galimoto ndaitsekera pano mpaka Lolemba, ndikufuna ndiilize ndekha m'mawa mayiwo asanafike.