Zowonjezera pa funso la phokoso la m'chigayo

Mwezi watha mwini chigayo wina wa ku Bangula anafunsa chifukwa chimene makutu a anyamata ake amalirira akaweruka. Tinati azivala zotchinga makutu. Abweranso kudzanena kuti anyamatawo akuzikana chifukwa cha thukuta, ndiye angoyamba kutsindira thonje m'makutu.

Bambo, thonje silithandiza kwenikweni, ngakhale lili paliponse kuno ku Chigwa cha Shire. Phokoso limadutsamo. Popeza kuno n'kotentha, agulireni timapulagi ta siponji, totseka m'kati mwa khutu. Kapulagi mukapote ndi zala zoyera mpaka kaonde, mukokere khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, mukalowetse, n'kukagwira masekondi 30 kuti kafufume. Kakamaonekera kunja theka lonse, ndiye kuti sikanalowe.

Malire a phokoso ndi madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) pa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi 3, nthawi yololedwa imachepa ndi theka. Ngati mukuchita kukuwa polankhula ndi munthu amene ali pa mita imodzi, mwapyola kale. Makutu akaonongeka ndi phokoso sachiranso.

Koma tisamangolimbana ndi makutu, chigayocho chionedwenso. Chikamanjenjemera mpaka malata kulira, kawirikawiri mahamala, zitsulo zimene zimaphwanya chimanga m'kati mwake, adyeka mosiyana. Asintheni onse pamodzi, oyang'anizana akhale olemera mofanana. Mukasintha limodzi lokha, mabeyaringi sachedwa kutha. Mangitsani mabawuti a pansi, ikani mphira pakati pa injini ndi simenti, ndipo paipi ya utsi ikhale ndi sayilensa yochepetsa phokoso, itulukire kunja. Anyamatawo azisinthana pothira chimanga, ndipo amayi odikira kugayitsa akhale panja pamthunzi, makamaka obereka ana.