Bambo anawagoneka chafufumimba ku ICU, pano diso akuona mbuu

Najere wa ku Lizulu:
Abale ndipatseniko nzeru. Bambo anga anadwala chibayo choopsa mpaka kutitumiza ku Lilongwe ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, anawaika pa makina opumira ndiye ankawagoneka chafufumimba akuti mapapo azilandira bwino mpweya. Ine ndinali gadiyani, tsiku lina ndikulowa ndinapeza nkhope yonse yatupa, choyera cha diso chija chatukuka ngati thuza chikusuzumira pakati pa zikope, ndinakalilira panja. Pano tili kumudzi koma diso lamanzere akuti akuona mbuu komanso likunyerenyesa ngati muli mchenga. Zimatha zokha izi?

Nesi wa ku Dedza:
Pepani asisi. Kugoneka chafufumimba kumapulumutsa moyo ndithu, nthawi ya Covid tinaziona, munthu amatha kukhala choncho maola 16 pa tsiku kapena kuposa. Koma maso ndi amene amalipira. Madzi amatsikira kunkhope ndiye kutupa munaonako, kumeneko kumaphwa pakokha. Vuto ndi loti mankhwala ogonetsa aja amapangitsa munthu osaphethira, zikope osatsekeka bwino, ndiye galasi la diso limauma nkuchita chilonda, tizilombo ta m'makhololo omwe amawapopa pa chubu titagwerapo basi zavuta. Nchifukwa chake timapaka mafuta a m'maso, kumata zikope ndi pulasitala, kutembenuza mutu maola awiri aliwonse, ndi kukwezako bedi kumutu. Mchenga akunenawo ukhoza kukhala chilonda chimenecho.

Malume Bembeke:
Kwathu kuno timangothira mkaka wa m'mawere mmawa ndi madzulo, manthongo onse amayera, ana athu akula choncho

Nesi wa ku Dedza:
Ayi malume chonde. Diso la chilonda musathiremo mkaka, shuga, kaya madzi a masamba, ngakhale timankhwala todontheza ta pa golosale, tina timakhala ndi mankhwala otchedwa steroid omwe amakulitsa chilonda diso mpaka kuboola.

Wa Maso pa Mphate:
Anesi anena zoona, ine ndiwonjezere china chomwe chimandidetsa nkhawa. Munthu akagona chafufumimba pulesha ya mkati mwa diso imakwera, ndiye pilo ikamakanikiza diso kapena BP ikatsika magazi safika bwino ku mtsempha woonera, ndipo diso lotero kunja limaoneka labwinobwino koma mwini wake akuona mdima. Mtsempha ukafa sudzukanso. Yesani lero lomwe, atseke diso lamanja ndi dzanja inu muime kutali pang'ono awerenge zala zanu. Kaya awerenga kaya ayi, mawa pitani nawo ku kiliniki ya maso pa boma, kapena ku Nkhoma. Tengani buku la kuchipatala, muwauze kuti anali pa makina chafufumimba masiku angati. Ngati diso likupweteka kwambiri, mutu ukuphwanya ndipo akusanza musadikire mawalo.

Najere wa ku Lizulu:
Tayesa. Zala akuwerenga pafupi pokha, ndikasuntha kufika pakhomo akuti akungoona chithunzithunzi. Azakhali anabwera kale ndi kabotolo ka zitsamba ndakabisa mu dengu la kachewere. Achimwene atumiza ya minibasi, tinyamuka mmamawa.