Za kuwotcha kwa ntchafu pokwera mtunda pa njinga

Ndinafunsa chifukwa chimene ntchafu zimawotchera kwambiri pokwera mtunda pa njinga, pomwe pamalo athyathyathya sizivuta. Ena munati mulandu ndi wa giya, ena munati ndi wa chishalo. Nditafufuza, ndapeza kuti nonse munali ndi mfundo.

Mphamvu zambiri zimatuluka pamene pedulo ikutsika. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imawongola bondo, ya m'matako imakankha kuchokera m'chiuno, ndipo akatumba amalimbitsa phazi kuti mphamvuyo ifike pa pedulo. Pamtunda palibe popumira, chifukwa ukangoleka kukankha njinga imaima.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi: minofu ili ndi timaulusi ta mitundu iwiri. Tina timagwira ntchito pang'onopang'ono ndi mpweya wa okosijeni, ndipo sititopa msanga. Tina ndi tamphamvu koma timafooka mwachangu. Ukapalasa giya yolemera, thupi limaitana tamphamvuto, ndipo asidi amachuluka m'minofu. Kuwotcha kuja nkumeneko. Giya yopepuka, miyendo ikuzungulira maulendo 70 mpaka 90 pa mphindi, imapititsa gawo la katunduyo ku mtima ndi mapapo. Ndinayesa, ndipo ndinapumira m'mwamba, koma miyendo inapirira mpaka pamwamba.

Chishalo chikatsika kwambiri, bondo limakhala lopindika ndipo ntchafu yakutsogolo imasenza zonse yokha. Chikwezeni mpaka bondo lizipindika pang'ono chabe pedulo ikafika pansi. Kuimirira pa mapedulo kumathandiza pamalo okwera kwambiri, koma kumadya mphamvu msanga.