Chokoleti yabwino ya makukisi ndi iti kuno ku Joni?

Moni nonse abale ndi alongo, mwaswera bwanji? Ine zandivuta, ndithandizeni nzeru chonde.

Ndimapanga makukisi pakhomo kuno ku Turffontein, ndimagulitsa kuntchito ndi kutchalitchi, koma chokoleti ndiye ikundisowetsa mtendere. Ndinayamba ndi ya mkaka ija timangodya wamba, ndinaiduladula, mu uvuni inasungunuka yonse mpaka kupserera pansi, makukisinso kutsekemera udyo poti mu mtanda muli kale shuga. Kenako ndinagula cooking chocolate yotchipa, iyo imagwirana bwino koma ikazizira imamata mkamwa ngati kandulo, paja amaikamo mafuta a zomera mmalo mwa cocoa butter. Ya 70% ine ndinaikonda koma ana akuti ikuwawa.

Uvuni wanga ndi wamagetsi, ndimaphika pa 180 kwa mphindi 12, mtanda ndimayamba ndauika mu filiji.

Ndiye ndigule ma choc chips, kapena ya dark ya cha mma 50% ndiziduladula ndekha? Alipo anayesapo Bournville mu makukisi? Nanga yogula pa kilo ndingaipeze kuti, ku Fordsburg kapena mtauni? Ma oda a Khrisimasi ayamba kale kubwera, sindikufuna kukhumudwitsa makasitomala anga.